Fupa la Pansi pa Shedi

Lachinayi, pa 14 Sepitembala 1989, a Warwick Doolan, mlimi wa nkhosa wa kumadzulo kwa Winton, anakangana ndi mwana wawo Tegan, wa zaka zisanu ndi ziwiri, pa nkhani ya fupa limodzi. Mkanganowo unayambira pakhonde, koma unakathera pa wayilesi ya sukulu, imene ana a m'mafamu akutali ankaphunzirirapo ndi kuyankhirapo ali kwawo, chigawo chonse chikumva.

Akazi awo anali ku Longreach kukazulitsa dzino, choncho ntchito yokhala ndi mwana pa nthawi ya phunziro inagwera iwo. Atatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja, anapeza chinthu chobiriwira chitakhala mu wilibala. Khosi lake linali la timapaipi ta mapepala a kuchimbudzi, minga ya pamsana inali ya makatoni a mazira, maso anali zitsekerero za mabotolo a mowa. Koma thupilo analizindikira ngakhale linali lopakidwa penti. Linali fupa la msana, lalikulu ngati ndowa, limodzi mwa mafupa amene anawapeza m'khwawa mvula ya mu Epulo itakokolola dothi. Khwawalo linali pafupi ndi mjigo woyendera mphepo, wokhawo umene unkatulutsabe madzi pa famu yonse. Ku bala ya ku Winton anamva kuti anthu ofufuza mafupa akangobwera, amatchinga malo ndi chingwe, nkhosa osayandikiranso. Ndiye mafupawo anawabisa, osauza ngakhale akazi awo.

"Tegan! Ichi n'chiyani?"

"Dayinoso," anayankha mwanayo osatembenuka, akumata munga womaliza. "Dzina lake ndi Doreen."

"Doreen ndi azakhali ako."

"Afanana khosi."

A Warwick anaika kapu pansi. "Thupili walitenga kuti?"

"Pansi pa shedi yometera nkhosa. Kuseri kwa migolo, m'matumba aja mwawaphimba ndi malata."

"Sindinakuuze kuti usamasewere kumeneko?"

"Sindimasewera, Adadi. Ndimagwira ntchito ya kusukulu."

"Chinthu cholemera chonchi wachinyamula bwanji?"

"Ndinagoneka wilibala chammbali, n'kuchigubuduziramo. Monga mumachitira ndi nkhosa yakufa."

A Warwick anayang'ana mwanayo, anayang'ana wilibala. Kunyada kunafuna kuwabwerera, koma anakubweza.

"Ndiye ukufuna kutani naye Doreen ameneyu?"

"Aphunzitsi athu Mayi Halloran anati aliyense apange nyama yakale ndi zinthu zopezeka pakhomo. Lero tinena pa wayilesi zimene tapangira, ndi kumene tinazipeza. Chinthu chilichonse."

"Pa wayilesi?"

"Eee."

"Lero?"

"Mukamaliza tiyiyo."

Tiyi uja sanamukhudzenso. Pa wayilesi ya sukulu sipankamvera ana okha. Pa famu iliyonse panali mayi wosita zovala kapena bambo wokonza chishalo, khutu lili ku phunziro la ana a eni ake. Mwana akangolakwitsa kuchulukitsa m'mawa, madzulo nkhani inali itafika kale ku bala.

Ananjuta pambali pa mwanayo, n'kufewetsa mawu.

"Tamvera, mwana wanga. Ukafika pa thupili, ungonena kuti ndi mwala."

"Si mwala."

"Ndi mwala. Tagogoda umve. Gwa! Mwala weniweni."

"Mwala sukhala ndi bowo lodutsa mtsempha." Tegan analowetsa dzanja lonse m'bowolo, zala n'kutulukira mbali ina, n'kuwabayibitsa nazo bambo ake. "Zili m'buku, tsamba la mafupa a msana. Ndikatenge?"

"Usakatenge."

"Lili pafupi."

"Ndati usakatenge! Chabwino. Ndi fupa. Ndavomera."

"La dayinoso."

"La ng'ombe."

Tegan anatulutsa dzanja m'bowo pang'onopang'ono.

"Tilibe ng'ombe, Adadi."

"Tinali nayo."

"Liti? Ine sindinaione."

"Sinakhalitse."

"Munaigula kuti?"

"Sindinaigule. Sinali yathu kwenikweni. Inangobwera."

"Yokha?"

"Nanga ng'ombe imabwera ndi ndani? Ndi m'busa wa mpingo? Yokha, ndi miyendo yake inayi."

"Inalowera pati?"

"Pa waya."

"Waya wa mbali iti?"

"Uko!" A Warwick anaponya dzanja kumbuyo osayang'ana. Tegan anatsatira dzanjalo ndi maso mpaka kumene linaloza, n'kugwedeza mutu.

Kenako anatulutsa tepi yoyezera ya amayi ake m'thumba la diresi.

"Adadi, ndinayeza. Fupa la msana wa nkhosa n'laling'ono ngati chibakera changa. Ili ndi lalikulu kuposa mutu wanu. Ng'ombe yake ingakhale yaitali ngati thanki ya madzi."

"Inali nkhunzi. Nkhunzi zimakula."

"Ngati thanki?"

"Ngati thanki yaing'ono."

"Tilibe thanki yaing'ono."

"Koma abale! Inali nkhunzi yaikulu, yonenepa, ya khosi ngati mgolo. Wakhutira?"

"Yamtundu wanji?"

"Yofiira."

"Yonse?"

"Ya nkhope yoyera," anawonjezera a Warwick, chifukwa bodza lopanda zokometsera linkawachititsa manyazi.

"Inafa ndi chiyani?"

"Ukalamba."

"Tinaikwirira kuti?"

"Ng'ombe saikwirira, iwe. Tinaidya."

Tegan anatong'ola maso. "Yofa yokha? Amayi amati nyama yofa yokha ndi ya agalu. Ndikawafunsa akabwera."

"Ayi, ayi, ayi. Amayi ako usawafunse. Sinafe yokha. Ndinaiwombera."

"Mwanena kuti ukalamba."

"Inali yokalamba pamene ndimaiwombera."

"Inalakwa chiyani?"

"Inandiyang'ana moipa."

"Nkhosa zimakuyang'anani moipa tsiku lililonse."

"Nazonso tsiku lawo likubwera."

Mwanayo anakhala pa sitepe, n'kugwira chibwano. A Warwick anadziwa kuti akakhala choncho ndiye kuti mafunso ena ali m'njira. Amayi ake ankati mwanayu adzakhala woweruza milandu. Iwo ankati adzakhala chifukwa chimene oweruza milandu amapumira ntchito msanga.

"Tinaidya liti?"

"Pa Khirisimasi."

"Pa Khirisimasi tinadya nkhosa."

"Iwe unkayesa nkhosa."

"Ndinapempha kawiri."

"Waona? Nkhosa sunapemphepo kawiri."

Tegan anaganiza, n'kuvomera ndi mutu. Zimenezo zinali zoona. A Warwick anapumirako.

"Nanga fupali likulemera ngati mwala bwanji?"

"Inali nyama yolimba. Sukukumbuka tinkatafuna mpaka Chaka Chatsopano? Dzino akukazula amayi akoli linayambira pomwepo."

"Iii! Amayi akudziwa?"

"Sakudziwa, ndipo sadziwa."

"Ndiye mafupa munawabisiranji pansi pa shedi?"

"Kuti anthu asawaone."

"Akawaona chimachitika n'chiyani?"

"Amabwera ndi magalimoto, ndi mafunso, ndi mapepala a boma. Sachoka." Apa pokha a Warwick ananena zoona, ndipo mawu awo anamveka olemera kotero kuti mwanayo anawayang'anitsitsa.

"Adadi, inu munati m'nyumba muno sitinama."

"Ndinatero."

"Munandilanda njinga sabata yonse chifukwa cha bisiketi imodzi."

"Zinali zitatu."

"Ndiye lumbirani kuti ndi ng'ombe."

A Warwick anayang'ana kutali, kumene mphepo inkazunguza mapiko a mjigo. Nkhosa zinali zitayamba kale kutsikira kumadzi, mzere wautali m'fumbi. Anakweza dzanja.

"Ndi ng'ombe. Pali agogo ako kumanda."

"Agogo ali ku Rockhampton. Amasewera makadi Lachisanu."

"Agogo enawo!"

"Ooo."

Tegan anaimirira, anapita pa wilibala, n'kuyamba kuzula minga ya makatoni umodziumodzi. Sanalire. Ankangozula n'kuika pansi mwadongosolo. Kenako anagwira khosi lija, limene analimata masiku angapo ndi phala la ufa, n'kulithyola pakati.

"Aaa, ukutani tsopano?"

"Ng'ombe ilibe khosi lalitali." Anatenga timapaipi tiwiri n'kutimata kumutu ngati nyanga. "Sangakhalenso Doreen. Doreen ndi mkazi."

A Warwick anayang'ana khosi lothyokalo. Mwanayu kuyambira ali ndi zaka zinayi ankagona ndi buku la madayinoso pansi pa pilo. Anadziwa kutchula mayina awo onse asanadziwe kumanga zingwe za nsapato.

"Ndikugulira wina ku Winton," anatero. "Wapulasitiki. Wa mano."

"Sindikufuna. Aphunzitsi anati nyama yakale. Ng'ombe ya pa Khirisimasi si yakale. Ndilephera."

"Khirisimasi ndi kale, iwe. Funsa aliyense."

"Madayinoso ndi zaka mamiliyoni."

"Aphunzitsi ako sanaike malire. Anati yakale, basi. Anati yakale bwanji?"

"Sananene."

"Ndiye wapambana kale."

M'chipinda cha kumapeto kwa khonde wayilesi inayamba kuthetheka. Tegan anakankha wilibala mpaka pakhomo kuti aziiona polankhula. A Warwick anamugwira paphewa.

"Tamvera bwino. Za dayinoso usatchule n'komwe. Za buku lako usatchule. Ukanene zimene ndakuuza ine."

"Zonse?"

"Monga momwe ndanenera. Osawonjezera zako, osachotsera."

"Chabwino, Adadi."

A Warwick anakhala pa kampando ka mwana, mawondo ali m'khosi, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo. Mayi Halloran anapereka moni, ana anayankha mmodzimmodzi kuchokera m'mafamu awo. Mtsikana wina anali atapanga nyama yake ndi zitini za nyemba. Craig, mwana wa a Len Gosper a pa famu yoyandikana nayo, anali atapanga yake ndi nsapato yakale ya bambo ake, ndipo anati ikununkha ngati inafadi kalekale.

"Tegan Doolan," anatero aphunzitsi. "Watipangira chiyani? Lankhula."

Tegan anakanikiza batani la cholankhulira ndi zala ziwiri.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi. Ine ndapanga ng'ombe. Nyanga ndi timapaipi ta kuchimbudzi kwathu. Maso ndi zitsekerero za mowa wa Adadi, zilipo zambiri. Thupi ndi fupa la nkhunzi. Ndamaliza."

A Warwick anamukwezera chala chachikulu.

"Ng'ombe?" anatero Mayi Halloran. "Tinati nyama yakale, Tegan. Koma chabwino. Fupalo unalipeza kuti?"

"Pansi pa shedi, pamene Adadi anabisa. Nkhunziyo sinali yathu. Inalowera pa waya wa mbali ya a Gosper."

A Warwick anatembenuka kuyang'ana kumene dzanja lawo linaloza pakhonde paja. Kunalidi kwa a Gosper.

"Inali yofiira, ya nkhope yoyera, yonenepa," Tegan anapitiriza, mawu ali bwinobwino ngati akuwerenga. "Adadi anaiwombera chifukwa inawayang'ana moipa, ndipo tinaidya pa Khirisimasi. Ine ndinapempha kawiri. Mafupa anawabisa kuti anthu a boma asabwere ndi mafunso. Amayi sakudziwa, ndipo sadziwa. Ndamaliza."

Anachotsa zala pa batani, n'kuyang'ana bambo ake kuti amuyamikire.

Pomwepo a Warwick anakumbukira chinthu chimene makutu awo anali atasiya kumva chifukwa chobwerezabwereza. Kuyambira Disembala, a Len Gosper sankatha kumwa botolo limodzi osadandaula za nkhunzi yawo ya mbewu imene inasowa. Yofiira. Ya nkhope yoyera. Bodza la a Warwick silinachokere kumwamba, linachokera ku bala.

Kenako kunamveka phokoso ngati mpando wagwa, ndi mawu amene sanali a mwana.

"Doolan! Doolan, wakuba iwe! Ndinadziwa ine! Duke wanga! Unadya Duke wanga!"

"A Gosper," anatero aphunzitsi, "ino ndi nthawi ya ana..."

"Ana amve! Adziwe kuti anzawo akukula ndi nyama yakuba! Nkhunzi imene inapambana pa chionetsero kawiri, iye n'kuithira mchere! Ndikuimbira apolisi a ziweto lero lomwe!"

Tegan ananong'oneza: "Adadi, dzina lake linali Duke. Ndilembe pamphumi?"

"Bweretsa kuno chimenecho!"

"Aphunzitsi sanakuitaneni. Umayamba wadikira kuti akutchule dzina."

"Tegan, bweretsa!"

A Warwick anamulanda cholankhulira, n'kukanikiza batani mpaka chala chinayera.

"Len, ndine Warwick. Ng'ombe yako sindinaione, sindinaiwombere, sindinaidye. Mwanayu wasokoneza."

"Sindinasokoneze," anatero Tegan pafupi ndi cholankhulira. "Sindinawonjezere, sindinachotsere."

"Wamva?" anakuwa a Gosper a Warwick atangosiya batani. "Mwana sanama! Wadziwa bwanji za nkhope yoyera? Anaiona m'mbale?"

"Ng'ombe za nkhope yoyera zadzaza Queensland yonse!"

"Zolowera pa waya wanga? Pa Khirisimasi? Ngati si Duke, fupalo ndi la chiyani? Nena, anthu akumva!"

Anthu ankamvadi. A Warwick anawaona m'maganizo mwawo: azimayi atasiya simbi pa malaya, azibambo ataimitsa nyundo m'mwamba. Kuno munthu akhoza kukhululukidwa ngongole, ndewu, ngakhale kuthawa ndi mkazi wa mwini. Wakuba ng'ombe sakhalanso ndi womukweza pa msewu galimoto ikamufera. Anayang'ana ku mjigo kudzera pa windo. Anatseka maso.

"Ndi dayinoso," anatero.

"Chiyani?"

"Ndi dayinoso! Fupa la dayinoso! La msana, lalikulu ngati ndowa, lolimba ngati mwala, lili ndi bowo lodutsa mtsempha, zili m'buku! Ndili nawo matumba anayi pansi pa shedi, ena akadali m'khwawa pafupi ndi mjigo wanga, nthiti zikuonekera pamtunda! Ng'ombe yako yonse ingakwane m'mimba mwake n'kutsala malo a iwe ndi galimoto yako! Aliyense wofuna abwere adzaone!"

Anasiya batani akupuma wefuwefu. Zinali zitatuluka zonse, ndi malo omwe.

A Gosper anaseka mpaka kutsokomola. "Dayinoso! Mwamva, anthuni? Ena akagwidwa amati inali ng'ombe yosochera. Doolan akuti dayinoso!"

Ana onse anayamba kukanikiza mabatani nthawi imodzi, wayilesi n'kumalira ngati nkhumba. Mayi Halloran anadikira mpaka phokoso litatsika.

"Zikomo, a Doolan. Zikomo, a Gosper. Ntchitoyi ndi ya Tegan, ndiye ayankhe ndi Tegan. Mwana wanga, wapanga nyama yanji? Ng'ombe kapena dayinoso?"

A Warwick anagwada pansi, n'kumupatsa cholankhulira ndi manja awiri.

"Auze, mwana wanga," ananong'ona. "Auze za buku. Za tepi. Unkanena zoona kuyambira m'mawa. Ndi Doreen. Auze kuti ndi Doreen."

Tegan anayang'ana wilibala ndi nyanga zake ziwiri. Anayang'ana bambo ake mwachisoni, monga ankayang'anira mwana wa nkhosa wosadziwa kuyamwa. Anakanikiza batani.

"Ndi ng'ombe, aphunzitsi. Adadi asokonezeka ndi mantha. Madayinoso anatha kalekale, sitikanamudya pa Khirisimasi. Ndamaliza."

Loweruka m'mawa fumbi la galimoto linaoneka pa msewu wochokera ku Winton, likubwera pang'onopang'ono. A Warwick anaima pakhonde, dzanja lili pamphumi, koma pa mtunda umenewo galimoto ya apolisi ndi ya anthu a mafupa sizisiyana.